John Grierson ndi kanema wa anthu ogwira ntchito

Lamulungu pa 10 Novembala 1929, mamembala a gulu lokonda makanema la Film Society adadzaza holo ya Tivoli mumzinda wa London. Chidawakoka ndi kanema wa ku Soviet Union, Battleship Potemkin, amene akuluakulu oyang'anira makanema ku Britain adali atakana kuti aonetsedwe kwa anthu wamba. Mwini wake, Sergei Eisenstein, adali momwemo. Koma kanema wamkuluyo asanayambe, adayamba aonetsa kaye wina wosadziwika, wopanda mawu, wa mphindi pafupifupi 50, dzina lake Drifters. Mudalibe katswiri wa zisudzo ngakhale mmodzi, mudalibe za chikondi, mudalibe mfumu kapena msilikali. Mudali asodzi basi. Amuna ovala majuzi okhuthala akutsika m'mudzi kupita kudoko, malasha akuponyedwa m'ng'anjo ya sitima, maukonde akutayidwa m'madzi kukuda, anthu akugona m'kachipinda kopanikiza, kenako m'bandakucha mafunde atalusa, manja akukoka ukonde wolemera ndi herring, nsomba zoyenda m'chigulu ngati usipa koma zokulirapo. Kumapeto nsombazo zikugulitsidwa pamsika, kuthiridwa mchere m'migolo ndi kukwezedwa m'sitima.

Amene adakonza kanemayu adali John Grierson, mnyamata wa zaka 31 wochokera ku Scotland. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene ambiri amamutcha kholo la makanema a zochitika zenizeni ku Britain ndi ku Canada sadapitirize kujambula yekha. Atatha Drifters adangotsogolerako timakanema tina tochepa, monga Granton Trawler wa mu 1934. Ntchito yake yeniyeni idali ina: kunyengerera boma ndi makampani kuti atulutse ndalama, kusonkhanitsa achinyamata aluso, kuwaphunzitsa, kuwakalipira, ndi kuwateteza pamene eni ndalama ayamba kudandaula. Ulemu wake uli pamenepo, ndipo mlandu wake ulinso pomwepo.

Adabadwa pa 26 Epulo 1898 ku Deanston, nakulira m'mudzi wa Cambusbarron pafupi ndi Stirling. Bambo ake, Robert, adali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya m'mudzimo, Mpresibateriya wolimba, wokhulupirira kuti maphunziro ndiwo amamasula munthu. Mayi ake, Jane, adali mphunzitsinso, ndipo ankamenyera ufulu woti amayi azivota. Ndi mtundu womwewo wa Chikhristu cha ku Scotland umene udatumiza anthu kudzakhazikitsa mishoni za Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, wokhala ndi sukulu pambali pa tchalitchi. Aliyense amene adakulira pansi pa belu la mishoni adzauzindikira mtima wa Grierson mosavuta: kukonda ntchito, kudana ndi zachibwana, ndi kukhulupirira kuti wodziwa ali ndi ngongole yophunzitsa wosadziwa. Ali mnyamata adalalikirako m'matchalitchi, ndipo atakula sankabisa kuti kanema amamutenga ngati guwa lolalikirapo.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse idamupeza asanakwane zaka zolowera usilikali, koma adawonjezera zaka zake nalowa. Adagwira ntchito yotumiza ndi kulandira mauthenga m'sitima zochotsa mabomba otchera m'nyanja. Zambiri mwa sitimazi zidali za asodzi, ndipo ambiri mwa amuna amene ankadya nawo ndi kugona nawo adali asodzi enieni. Nkhondo itatha adapita ku yunivesite ya Glasgow, komwe adamaliza mu 1923, ndipo mu 1924 bungwe la Rockefeller lidamulipirira ulendo wa ku Chicago kuti akafufuze mmene maganizo a anthu ambiri amaumbidwira.

Ku America adakumana ndi funso limene lidamudya moyo wonse. Wolemba nkhani wina, Walter Lippmann, adali atanena m'buku lake la mu 1922, Public Opinion, kuti dziko la makono lakula ndi kupiringizika kwambiri moti munthu wamba sangathe kudziwa zokwanira kuti avote mwanzeru. Grierson adavomereza kuti vutolo lilipo, koma adakana kutaya mtima. Adaona mmene nyuzipepala zotsika mtengo, za mitu ya zilembo zikuluzikulu, zinkakokera alendo ochokera ku Poland, Italy ndi Germany m'moyo wa America, osati pozipanikiza ndi ziwerengero koma pozisimbira nkhani zogwira mtima. Adaganiza kuti ngati munthu sangaphunzire zonse, akhoza kuzimva mumtima, ndipo kanema ndiye angathe kumuonetsa kuti chakudya chake, magetsi ake ndi kalata yake zimadutsa m'manja mwa anthu ena amene sadzawaona.

Komweko ndiko adayamba kulemba za makanema m'nyuzipepala. Mu Febuluwale 1926, polemba mu New York Sun za kanema wa Robert Flaherty wotchedwa Moana, wojambulidwa ku Samoa, adagwiritsa ntchito mawu akuti documentary, ndipo kuchokera pamenepo mawuwa adakhazikika m'Chingerezi ngati dzina la makanema a mtundu umenewu. Flaherty, amene adatchuka ndi Nanook of the North mu 1922, Grierson ankamulemekeza kwambiri, koma sankagwirizana naye pa chinthu chimodzi. Flaherty ankapita kutali kukafuna anthu okhala moyo wa makolo, nthawi zina n'kuwapempha kuti achite miyambo imene adaisiya kale. Grierson ankati nkhani yaikulu siili kutsidya kwa nyanja ayi, ili pakhomo pomwe: mumgodi, m'fakitale, m'nyumba yodontha.

Atabwerera kwawo mu 1927 adagogoda pa khomo la Empire Marketing Board, bungwe limene boma lidakhazikitsa mu 1926 kuti lizikopa anthu a ku Britain kugula katundu wochokera m'maiko a ufumu wawo: tiyi, zipatso, batala, fodya. Zina mwa zithunzi zake zomata m'misewu zinkaonetsa minda ya fodya ya ku Nyasaland. Mlembi wake, Stephen Tallents, adamulandira. Chovuta chidali kutulutsa ndalama ku Treasury, unduna wa zachuma, komwe ankaona kanema ngati masewera. Apa ndipo nzeru za Grierson ndi Tallents zidaonekera. Nduna imene inkayenera kuvomereza, Arthur Samuel, idali italemba buku la mbiri ya nsomba ya herring. Adaipatsa ganizo la kanema wa herring, ndipo ndalama zidatuluka, zosafika mapaundi 3,000. Nkhaniyi amaisimba mosekesa, koma ine ndimaonamo chithunzi cha ntchito yonse ya Grierson: kupeza chimene mwini ndalama akuchikonda, n'kulowetsamo chimene iwe ukufuna kunena.

Tisaganize kuti Drifters adangoimika kamera n'kujambula zomwe zinkachitika. M'kachipinda ka sitima mudali mdima wosajambulika, choncho adamanga kachipinda kofanana nako pamtunda n'kuitana asodzi kuti adzachite zomwe amachita masiku onse. Nsomba zosambira pansi pa madzi adazijambula m'matanki a malo ofufuzira za m'nyanja ku Plymouth. Kudula ndi kulumikiza zidutswa za filimu, ntchito imene adathandizana ndi Margaret Taylor amene adadzakhala mkazi wake mu 1930, adatengera kwa anthu a ku Russia: chithunzi cha injini, chithunzi cha funde, chithunzi cha mkono, mofulumira, mpaka woonera amve kulemera kwa ukonde. Kwa Grierson izi sizidali bodza. Ankaphunzitsa kuti zenizeni ndi zipangizo chabe, ndipo mmisiri ayenera kuziumba kuti tanthauzo lake lioneke. Anthu akhala akutsutsana naye pa mfundo imeneyi mpaka lero, pofunsa kuti kuumba kumathera pati ndipo kunama kumayambira pati.

Drifters atayamikiridwa, Grierson sadapemphe ndalama za kanema wina wake. Adapempha gulu. Kuyambira mu 1930 adasonkhanitsa Basil Wright, Arthur Elton, Edgar Anstey, Stuart Legg, Paul Rotha, Harry Watt, Evelyn Spice wa ku Canada, ndi mlongo wake Marion. Ambiri adali ongotuluka kumene m'mayunivesite, osadziwa n'komwe kugwira kamera. Malipiro adali ochepa, ntchito mpaka usiku, ndipo sukulu yeniyeni inkachitikira m'nyumba zomwera mowa za ku Soho, kumene bwana ankatsutsa, kunyoza ndi kulimbikitsa. Mu 1931 adalemba ntchito Flaherty mwiniwake kuti ajambule mafakitale a ku England. Mkuluyo adatha filimu ndi ndalama akungoyesa, mpaka adamusiyitsa, ena n'kumaliza ntchitoyo yomwe idatuluka ndi dzina loti Industrial Britain. Komabe anyamata aja adaphunzirapo mmene diso loleza mtima limayang'anira nkhope ya woumba mbiya kapena wopanga magalasi. Grierson ankasimba monyadira kuti anthu a ku London adaomba m'manja ataona nkhope za amisiri pa chinsalu. Nthawi imeneyo wantchito m'makanema a ku Britain ankangokhala woseketsa, wolankhula mopotoka, kapena wotsegulira bwana chitseko.

Eni nyumba za kanema sankawafuna makanema amenewa chifukwa sankabweretsa phindu. Grierson adayankha kuti mipando ya kunja kwa nyumba za kanema ndi yambiri kuposa ya m'kati. Adayamba kubwereketsa mafilimu kwaulere ku masukulu, matchalitchi, mabungwe a antchito ndi magulu a amayi, ena n'kumayenda nawo pa galimoto zonyamula makina oonetsera. Ganizo limeneli, lakuti kanema apite kwa anthu m'malo moti anthu apite kwa kanema, ndilo lidayenda mtunda wautali kuposa makanema enieniwo.

Mu 1933 Empire Marketing Board idathetsedwa, ndipo Tallents adasamuka ndi gulu lonse kupita ku General Post Office. Apa ndipo padatuluka ntchito zimene zikuonedwabe mpaka pano. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa: mu 1934 kudafika Alberto Cavalcanti, wa ku Brazil amene adagwirapo ntchito ku Paris, ndipo iyeyu ndiye adawaphunzitsa kusewera ndi mawu ndi phokoso. Kanema wotchuka koposa ndi Night Mail wa mu 1936, wa Harry Watt ndi Basil Wright, wa mphindi 24 zokha. Amatsatira sitima yapamtunda ya makalata yochoka ku Euston mu London usiku kupita ku Scotland, yopanda wokwera aliyense koma osankhula makalata. Pali pena pamene mnyamata wongoyamba kumene ntchito akuphunzitsidwa kumanga thumba lachikopa ndi kulitulutsa panja sitima ili pa liwiro. Wamkulu akumuuza kuti awerenge milatho ndi kugunda kwa magudumu, ndipo nthawi ikakwana thumba limakodwa mu ukonde wa m'mbali mwa njanji, lina n'kugwera m'sitima ndi chiphokoso. Kumapeto kuli ndakatulo ya W. H. Auden yonenedwa motsatira kugunda kwa magudumu, ndi nyimbo za Benjamin Britten amene adali ndi zaka 22. Koma chipinda chosankhuliramo makalata chija adachimanga mu situdiyo ku Blackheath, ndipo antchito a positi adauzidwa kuti azigwedezeka pang'ono ngati ali m'sitima.

Munthu sungaonere Night Mail osamva kuti ntchito wamba ili ndi ulemu. Koma tikumbukire kuti izi zinkachitika m'zaka zimene anthu pafupifupi mamiliyoni atatu ku Britain adasowapo ntchito nthawi imodzi, ndipo a m'migodi ndi m'madoko ankayenda wapansi mpaka ku London kukadandaula za njala. M'makanema a positi ofesi simupezamo sitalaka kapena mkangano wa malipiro. Coal Face wa mu 1935 amatchula za imfa ndi kuvulala kwa mumgodi, koma safunsa kuti mgodiwo ndi wa yani. Song of Ceylon wa mu 1934, wa Basil Wright, ndi wokongola mosaneneka ndipo adapata mphoto ku Brussels, koma adalipiridwa ndi bungwe lotsatsa tiyi wa ku Ceylon, ndipo wothyola tiyi sapatsidwa mpata wonena kuti amalandira zingati. Wantchito adalowa m'kanema, inde, koma adalowa ngati mikono ndi thukuta. Pakamwa padali pa munthu wina wosaoneka, wolankhula Chingerezi cha ophunzira, wofotokoza zonse.

Amene adaliona vutoli msanga adali wa m'nyumba momwemo. Ruby Grierson, mlongo wake wina, adali mphunzitsi ku Edinburgh asanalowe m'ntchito ya kanema. Mu 1935 Arthur Elton ndi Edgar Anstey ankakonza Housing Problems, kanema wa nyumba zowola za ku Stepney kum'mawa kwa London, ndi ndalama za bungwe la makampani ogulitsa gasi, amene ankafuna kuti nyumba zakale zigwetsedwe ndi kumangidwa zatsopano zogwiritsa ntchito gasi. Ruby ndiye ankalowa m'makomo, kukhala pansi ndi amayi, kucheza nawo mpaka mantha a kamera atawachoka. Zotsatira zake n'zimene anthu a ku Britain adali asadazionepo: mayi ataima m'chipinda chake, kuyang'ana kamera m'maso, n'kumafotokoza yekha m'kalankhulidwe ka kwawo mmene adalimbanirana ndi khoswe usiku, mmene nsikidzi zimatulukira m'khoma, mmene denga likugwera. Bambo wina akunena za ana ake amene adamwalira. Palibe nyimbo, palibe ndakatulo. Grierson mwiniwake adadzasimba kuti Ruby adamuuza kuti vuto lake n'lakuti amayang'ana anthu ngati nsomba za m'mbale yagalasi, ndi kuti iye adzaiswa mbaleyo. Dzina la Ruby silidalembedwe pa kanemayo.

Pambuyo pake Ruby adatsogolera makanema akeake, monga They Also Serve wa mu 1940, wonena za tsiku limodzi la mayi wapakhomo m'nthawi ya nkhondo. Mu Seputembala chaka chomwecho adakwera sitima ya City of Benares ku Liverpool kuti akajambule ana amene ankawathawitsira ku Canada. Pa 17 Seputembala sitimayo idaphulitsidwa ndi sitima yapansi pamadzi ya ku Germany. Mwa ana 90 a m'ndondomeko ya boma, 77 adafa. Ruby adafanso. Mbiri zambiri zimamutchula m'mzere umodzi, koma ndikaona wojambula aliyense lero akukhazika munthu wamba patsogolo pa kamera n'kumusiya kuti alankhule, ndimaona dzanja la Ruby kuposa la John.

Nthawi imeneyo John adali kale ku Canada. Adachoka ku positi ofesi mu 1937, ndipo mu 1938 boma la Canada lidamuitana kuti alilangize. Lipoti lake lidabala lamulo la mu 1939 lokhazikitsa National Film Board, iye n'kukhala mkulu wake woyamba nkhondo yachiwiri itangoyamba. Adayamba ndi anthu owerengeka, koma pofika 1945 adali pafupifupi 800. Adaitanitsa Stuart Legg, amene kanema wake Churchill's Island adapata mphoto yoyamba ya Oscar ya makanema a mtundu umenewu, komanso Norman McLaren, mnyamata wa ku Stirling amene ankajambula zithunzi ndi dzanja pa filimu penipenipo. Oonetsa makanema ankayenda m'midzi ya kutali mwezi ndi mwezi, kunyamula makina pa galimoto, pa sitima, ngakhale pa zileyi zokokedwa m'chipale, kanema akatha anthu n'kukhala pansi kukambirana. Mu 1943 adapatsidwanso udindo woyang'anira nthambi yonse yofalitsa nkhani za nkhondo. Mawu akuti propaganda sankachita nawo manyazi. Ankati funso ndi lakuti ukukopa anthu kuti achite chiyani.

Adatula pansi udindo mu 1945 ndi cholinga chokayamba ntchito ku New York, koma zinthu zidamutembenukira. Mu Seputembala chaka chomwecho Igor Gouzenko, kalaliki wa ku ofesi ya kazembe wa Soviet Union ku Ottawa, adathawa ndi zikalata zoulula akazitape. M'zikalatazo mudapezeka dzina la mayi amene adakhalapo mlembi wa Grierson. Mu 1946 adaitanidwa kukayankha mafunso pamaso pa komiti yofufuza. Sadamupeze ndi mlandu, koma fungo la chikomyunizimu lidamukakamira, ndipo America idamutsekera khomo. Munthu amene adatumikira maboma moyo wake wonse, amene anzake a kumanzere ankamunena kuti ndi wofewa kwambiri kwa olamula, adasanduka wokayikiridwa ndi maboma omwewo. Mu 1947 adagwira ntchito ku UNESCO ku Paris, ndipo kuyambira 1948 mpaka 1950 adayang'anira za makanema ku Central Office of Information ku London.

Apa ndi pamene mbiri yake imakhudzana ndi yathu. Kanema wophunzitsa adafika kuno kale Grierson asanaikepo dzanja. Pakati pa 1935 ndi 1937 ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, ya Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, idajambula makanema ku Tanganyika n'kuyenda nawo pa lole mpaka ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1939 boma la Britain lidakhazikitsa Colonial Film Unit pansi pa William Sellers, amene kale adali wa zaumoyo ku Nigeria. Sellers adali ndi malamulo ake: kamera isayendeyende, zithunzi zisasinthe msanga, chilichonse chichitike pang'onopang'ono, chifukwa ankakhulupirira kuti Mwafirika wa kumudzi sangatsatire kanema wamba. Nkhani zake kawirikawiri zidali za anthu awiri, wanzeru womvera mlangizi ndi wopusa wokakamira zakale. Maganizo onyozawa sadali a Grierson. Koma mafupa a ntchitoyo adali ake: ndalama za boma, galimoto yopita kwa anthu, ndi chikhulupiriro chakuti kanema ndi chida choumbira nzika.

Mu Januwale 1948, pa msonkhano wa ku London wokambirana za kanema ndi chitukuko cha maiko a atsamunda, Grierson adanena chinthu chimene ambiri m'holomo sadali okonzeka kumva: kuti chofunika si makanema opangidwa ku London n'kutumizidwa ku Africa, koma makanema opangidwa ndi Aafirika eni ake, m'maiko mwawo, ndipo pakhale sukulu zowaphunzitsa. Nthawi imeneyo Colonial Film Unit idali pansi pa Central Office of Information, ofesi imene iye adakagwirako ntchito chaka chomwecho. Sukulu yoyamba idatsegulidwadi ku Accra mu 1948, ina ku Jamaica mu 1950. Koma kuno kwathu zidayenda mwina. Central African Film Unit, imene idakhazikitsidwa mu 1948 ku Salisbury kuti itumikire Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, idali m'manja mwa azungu monga Alan Izod, Stephen Peet ndi Louis Nell. Aafirika ankasewera, kunyamula katundu, kumasulira ndi kuthandizira. Makanema ake oyamba, monga The Two Farmers, Mulenga Goes to Town ndi Wives of Nendi, adali opanda mawu. Galimoto ikafika pabwalo la sukulu kapena kwa mfumu, dzuwa likalowa, chinsalu chikakwezedwa, womasulira ankaima ndi chimkuzamawu n'kumafotokoza m'Chinyanja, m'Chibemba kapena m'Chishona. Phunziro la Mulenga lidali lakuti mnyamata wa kumudzi akapita m'tauni amakaonongeka, phunziro lokomera boma limene silinkafuna anthu akuda okhazikika m'matauni.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, makanema ambiri adasanduka oyamikira chitaganyacho, ndipo anthu amene ankachikana adayamba kuikananso galimoto ya kanema. Nthambiyo idatha limodzi ndi chitaganya mu 1963. Njirayo yokha idatsala. Amene adakula m'zaka zotsatira ufulu akukumbukira galimoto zachikasu za unduna wa zamalimidwe zikufika m'midzi ndi makanema a feteleza ndi kasungidwe ka chimanga. Lero mabungwe a chitukuko amalipira achinyamata athu kuti ajambule za mijigo, katemera ndi maukwati a ana, ndipo achinyamatawo amakumana ndi zomwe Grierson adakumana nazo mu 1928: ndalama zilipo, koma mwini ndalama adasankha kale chimene mayi wa m'mudzi ayenera kunena. Stephen Peet yekha adadzasintha njira. Atabwerera ku Britain adayambitsa pa BBC mu 1969 pulogalamu ya Yesterday's Witness, mmene nkhalamba wamba zinkasimba zokha zimene zidaona.

Pali chinthu china chimene sindingachilambalale. Mu 1949 Grierson adapita ku South Africa ataitanidwa ndi boma kuti alilangize zokhazikitsa bungwe la makanema, ndipo boma limenelo lidali la National Party limene lidali litangoyamba kumanga tsankho la apartheid. Bungwelo lidadzakhazikitsidwa mu 1964, losiyana ndi momwe iye adalangizira, ndipo lidatumikira boma lomwelo. Chikhulupiriro chake chakuti boma lililonse likhoza kukokedwa kuti lichite zabwino ukalowa m'kati mwake chidamufikitsa pakhomo pamene sadayenera kugogoda.

Zaka zotsatira zidali zokwera ndi zotsika. Kuyambira 1951 adatsogolera Group 3, kampani yothandizidwa ndi boma yopanga makanema a nkhani. Mwa iwo, The Brave Don't Cry wa mu 1952, wonena za ngozi ya mumgodi wa Knockshinnoch ya mu 1950, ndiye adamufika pamtima, ndipo Man of Africa adajambulidwa ku Uganda ndi osewera Aafirika. Kampaniyo idaluza ndalama. Adadwala chifuwa chachikulu, ndipo mowa ndi fodya zidamufooketsa. Achinyamata a gulu la Free Cinema, monga Lindsay Anderson, atatulukira mu 1956 ankaona njira yake ngati yotha ntchito, ya ulaliki wochuluka. Koma mu 1957 wailesi yakanema ya Scottish Television idamupatsa pulogalamu ya This Wonderful World, mmene kwa zaka pafupifupi khumi ankasankha zidutswa za makanema a m'maiko osiyanasiyana n'kumazifotokoza kwa mabanja m'nyumba zawo. Seawards the Great Ships, kanema wa omanga sitima a mumtsinje wa Clyde amene iye adalemba maziko ake, adapata Oscar mu 1962.

Chimene Ruby adayamba chidadzaphuka m'bungwe limene John adamanga. Mu 1967 National Film Board idayambitsa ndondomeko ya Challenge for Change, ndipo Colin Low adapita pa chilumba cha Fogo ku Newfoundland, kumene boma linkafuna kusamutsa anthu. Adajambula timakanema tifupitifupi 27 ta anthu akulankhula za moyo wawo, n'kuwaonetsa eni akewo poyamba, mudzi ndi mudzi, asanationetse akuluakulu a boma. Mayankho a akuluakuluwo adajambulidwanso n'kubwezedwa ku chilumba. Anthu a ku Fogo adapanga kopaletivi yawo ndipo sadasamuke.

Grierson adabwerera ku Canada cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kukaphunzitsa pa yunivesite ya McGill ku Montreal, komwe ophunzira mazanamazana ankadzaza holo kudzamva nkhalamba yaukali imene inkawatsutsa pa chilichonse. Adapitanso ku India kukalangiza za kafalitsidwe ka uthenga wa kulera. M'zolemba zake zomaliza ankabwereza za makamera ang'onoang'ono otsika mtengo, kuti afike m'manja mwa aphunzitsi, alimi ndi anthu a m'midzi kuti azijambula okha za kwawo. Adamwalira ndi khansa ku Bath pa 19 Febuluwale 1972 ali ndi zaka 73. Chaka chomwecho anzake adakhazikitsa mphoto ya Grierson, imene imaperekedwabe kwa opanga makanema a zochitika zenizeni ku Britain, ndipo makalata ndi zolemba zake zikusungidwa ku yunivesite ya Stirling, pafupi ndi mudzi umene adakulira.